SENSA YA MU EKIZOZI: FUFUZANI KAYE MUSANAGULE INA

Mabanja ambiri a mumzinda wa Lilongwe, ngakhalenso mipingo ina ya m'Sinodi yathu, ali ndi galimoto yakale ya mtundu uja wokoka ndi matayala onse anayi. Galimoto yotere ndiyo imapita ndi abusa ku nyumba zopemphereramo za kutali, imatuta chimanga kuchokera kumudzi, imathamanga ndi wodwala kuchipatala pakati pa usiku, ndipo pa tsiku la chisoni ndiyo imanyamula anamfedwa. Njira za m'midzi ya ku Malingunde, Chinthembwe kapena Mphunzi sizifuna galimoto yotsika m'nyengo ya dzinja. Chifukwa chake galimoto yotere ikayamba kudwala, nyumba yonse imakhala pa nkhaŵa.

Pali nthenda imodzi imene yadyera anthu ambiri ndalama. Kanyale kachikasu kokhala ndi chithunzi cha injini kamayaka patsogolo pa woyendetsa, petulo amayamba kutha msanga, ndipo kumbuyo kumatuluka utsi wakuda. Mwini galimoto akafunsa, amauzidwa mau aŵiri okha akuti sensa yafa. Iye amatsikira kumsika wa Lilongwe, nayenda m'masitolo a mu mseu wa Malangalanga, nagula ina. Koma isanathe sabata kanyale kaja kayakanso, ndipo ndalama imene ikanalipirira mwana kusukulu yapita. M'nkhani ino tifuna kufotokoza za kachipangizo kameneka, kuti makolo asataye chuma pachabe, ndi kuti achinyamata okonda ntchito zamanja aphunzirepo kanthu.

KODI SENSA IMENEYI NCHIYANI?

Moto uliwonse umasoŵa mpweya. Amayi amadziŵa bwino kuti mbaula ikatsekeka kukamwa makala amangofuka utsi, ndipo ikapemereredwa moto umayaka bwino. M'kati mwa injini ya petulo mulinso moto wotere. Kuti petulo apse yense osatsala, pamafunika magalamu 14.7 a mpweya pa galamu imodzi ya petulo. Petulo akachuluka kuposa muyeso umenewu, wina amatuluka wosapsa, nasanduka mwaye ndi utsi wa poizoni. Akachepa, injini imafooka, imatentha kwambiri, ndipo imadukizadukiza.

Magalimoto a kale kwambiri ankasakaniza petulo ndi mpweya m'kabyuleta, ndipo makaniko ankachuna ndi khutu lake. Magalimoto a pambuyo pake ali ndi kompyuta yaing'ono imene imalamula mainjekita kuti afaire petulo wochuluka motani. Koma kompyutayo siiona za m'kati mwa moto. Imasoŵa mboni yoiuza ngati petulo wapsa bwino, ndipo mboni imeneyo ndiyo sensa ya okosijeni, imene ena amaitcha lambda.

Sensayi ndi yaikulu ngati pulagi, ndipo imamangidwa pa paipi ya ekizozi pafupi ndi injini. Kunsonga kwake kuli kadothi koumbidwa ndi zirconia, kokutidwa ndi platinum mbali zonse ziŵiri. Mbali imodzi imakhudzana ndi utsi, ina imakhudzana ndi mpweya wa kunja, umene magawo 21 mwa 100 alionse ndi okosijeni. Kusiyana kwa okosijeni wa mbali ziŵirizi kumabala mphamvu yaing'ono ya magetsi. Petulo akachuluka, okosijeni amasoŵa mu utsi, ndipo sensa imatumiza pafupifupi 0.9 volt. Petulo akachepa, okosijeni amatsala wambiri, ndipo imatumiza pafupifupi 0.1 volt. Kompyuta ikamva kuti petulo wachuluka imachepetsa, ikamva kuti wachepa imaonjeza, ndipo zimangosinthana chotero pafupifupi kamodzi pa sekondi iliyonse.

Kadothi kaja sikagwira ntchito kali kozizira. Kamafuna kutentha kopitirira madigiri 300. Nchifukwa chake masensa ambiri ali ndi kawaya kotenthetsa m'kati mwake, kuti ayambe ntchito msanga injini ikangolira. Sensa ya waya mmodzi kapena aŵiri ilibe chotenthetsera. Ya mawaya atatu kapena anayi ili nacho.

Ubwino wake timauona ngakhale pa ulendo wamba. Mzinda wa Lilongwe uli pa mtunda wa mamita oposa pang'ono 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, Dedza ali pa mamita pafupifupi 1,600, pamene kunyanja ku Salima ndi pafupifupi 500. Mpweya wa kumapiri ndi wopepuka kusiyana ndi wa kuchigwa. Sensa yamoyo imathandiza kompyuta kukonza muyeso wa petulo pa malo onseŵa, woyendetsa osadziŵa kanthu.

MBIRI YAKE NDI NKHANI YA MTOBVU

Kachipangizoka kanakonzedwa ndi kampani ya Bosch ya ku Germany, ndipo kanayamba kuikidwa m'magalimoto a Volvo m'chaka cha 1976, makamaka ogulitsidwa ku California m'dziko la America, kumene malamulo oletsa utsi woipa anali okhwima. Cholinga chake chinali kuthandiza chigubu china cha pa ekizozi chotchedwa catalytic converter, chimene chimasandutsa utsi wa poizoni kukhala wosaopsa kwenikweni. Chigubuchi chimagwira bwino pokhapokha muyeso wa petulo ndi mpweya uli wolondola.

Kuno kwathu zipangizo ziŵirizi zinakumana ndi mdani wamkulu. Kuyambira m'zaka za m'ma 1920, makampani a mafuta ankathira mankhwala a mtobvu m'petulo kuti injini isamagogode. Mtobvu umamata pa platinum, ndipo sensa ndi chigubu chija zimafa msanga. Choipa koposa nchakuti mtobvu wotuluka mu utsi umaloŵa m'magazi a anthu ndi kuononga ubongo wa ana. M'chaka cha 2001 maiko a mu Africa a kumwera kwa chipululu cha Sahara anagwirizana mumzinda wa Dakar kuti asiye petulo wa mtobvu, ndipo pofika kuchiyambi kwa 2006 anali atamsiya. Dziko la Algeria ndilo linatsiriza pa dziko lonse lapansi m'chaka cha 2021. Tsono galimoto imene inaloŵa m'Malaŵi chisanafike chaka cha 2006 iyenera kuti inamwako petulo wa mtobvu, ndipo ngati sensa yake siinasinthidwepo, nkosadabwitsa kuti ndi yofooka.

Ena amanena kuti ethanol ndiye amapha masensa. Nzoona kuti petulo wa m'Malaŵi wakhala akusakanizidwa ndi ethanol kuyambira 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba kumtcheza kuchokera ku zotsalira za nzimbe, ndipo fakitale yachiŵiri inayamba ntchito ku Chikwawa m'chaka cha 2004. Koma ethanol samata pa sensa. Iye ali ndi okosijeni wake m'kati, kotero injini imafuna mafuta ochulukirapo pang'ono, ndipo ndi sensa yomweyo imene imauza kompyuta kuti ionjeze. Chimene ethanol angathe kuononga ndi timapaipi takale ta rabala todutsa mafuta, ndipo tiyenera kumationa kaŵirikaŵiri.

KODI GALIMOTO YANU ILI NAYO?

Funsoli likuoneka lachibwana, koma lapulumutsa ndalama za anthu. Magalimoto akale a dizilo, monga Land Cruiser ya injini ya 1HZ, Hilux ya injini ya 3L kapena 5L, ndi Land Rover ya Tdi, alibe sensa ya okosijeni. Ambiri a kabyuleta alibenso. Munthu akakuuzani kuti galimoto yotere ikufuka chifukwa cha sensa imeneyi, mpempheni mwaulemu kuti akuonetseni pamene yamangidwa.

Magalimoto amene ali nayo ndi a petulo okhala ndi mainjekita, monga Toyota RAV4, imene inayamba kupangidwa mu 1994, Suzuki Escudo, Mitsubishi Pajero ya petulo, Nissan X-Trail, Hilux Surf ndi Prado za petulo. Ambiri mwa ameneŵa anagulidwa akale ku Japan, popeza kumeneko amayenda kumanzere kwa mseu monga ife, ndipo anadzera ku doko la Dar es Salaam ndi chipata cha Songwe, kapena ku Durban. Ena ali ndi sensa imodzi yokha. Ena ali ndi ziŵiri: yoyamba patsogolo pa chigubu chija, yolamula muyeso wa petulo, ndi yachiŵiri kumbuyo kwake, imene ntchito yake yaikulu ndi kuona ngati chigubucho chikugwira. Injini ya V6 ingathe kukhala ndi anayi. Anthu ambiri asintha sensa yamoyo nasiya yakufa, chifukwa chosadziŵa kuti ndi iti imene ikudandaulidwa.

ZIZINDIKIRO NDI MTENGO WAKE

Sensa ikafooka, kompyuta imabwerera ku muyeso umene inasunga, ndipo kaŵirikaŵiri umakhala wa petulo wochulukirapo. Zizindikiro zake ndi izi: kanyale kaja kuyaka, petulo kutha msanga, utsi wakuda ndi fungo la petulo wosapsa, mapulagi kuda ndi mwaye, ndi injini kunjenjemera galimoto itaima.

Tiyerekeze kuti galimoto inkayenda makilomita 9 pa lita imodzi, ndipo tsopano ikuyenda 7. Ulendo wochoka ku Lilongwe kupita ku Nkhoma ndi kubwerera ndi makilomita pafupifupi 100. Kale ikanamwa malita 11, tsopano imwa 14. Ngati pa mwezi imayenda makilomita 1,000, malita oposa 30 akungotayika mu utsi. Aliyense aŵerengere yekha pa mtengo wa petulo wa lero. Komanso petulo wosapsa amatsuka oyilo m'mbali mwa masilinda, natsikira mu oyilo, ndipo injini imatha msanga. Zengerezu adalinda kwaukwau. Bvuto laling'ono likalekereredwa limabala lalikulu.

ZIMENE ZIMAPHA SENSA KUNO KWATHU

Choyamba ndi ukalamba. Opanga masensa amati yopanda chotenthetsera ionedwe ikayenda makilomita 50,000 mpaka 80,000, ndipo yokhala nacho ingafike 100,000 mpaka 160,000. Sensa yokalamba siifa tsiku limodzi, imangoyamba ulesi, kuyankha mochedwa.

Chachiŵiri ndi njira zathu. Galimoto yoyenda m'tchire imakwapulidwa kunsi ndi zitsa, miyala ndi udzu, ndipo mawaya a sensa amaduka kapena kugwera pa ekizozi yotentha nasungunuka. Poŵoloka mtsinje wosefukira, madzi ozizira amagwera pa sensa yotentha ndipo kadothi kaja kangathe kusweka. Matope amaloŵa m'pulagi yolumikizira mawaya nabweretsa dzimbiri. Makoswe nawonso amatafuna mawaya a galimoto yogona pafupi ndi nkhokwe.

Chachitatu ndi zimene injini ikuotcha. Injini yodya oyilo imamata sensa ndi phulusa. Gasiketi ya kumutu kwa injini ikapsa, madzi a m'rediyeta amaloŵa m'moto nasiya zoyera pa sensa. Silikoni wamba amene ena amapaka m'malo mwa gasiketi amatulutsa nthunzi imene imapha sensa yatsopano m'masiku oŵerengeka.

Chachinayi ndi mafuta a m'zigubu. Pa nthaŵi za kusoŵa kwa mafuta, monga mu 2011 ndi 2012, ndiponso kuyambira 2022, anthu ambiri anagula petulo m'mbali mwa mseu. Wina mwa petulo wotere amakhala wosakaniza ndi parafini kapena madzi, ndipo sapsa bwino. Kugulitsa mafuta kumafuna chilolezo cha bungwe la MERA, ndipo Mkhristu ayenera kuganiza kaŵiri asanagule kwa wopanda chilolezo.

MBONI IMODZI SIIKWANA

M'buku la Deuteronomo, mutu 19, Aisraeli analamulidwa kuti asatsutse munthu pa umboni wa mboni imodzi yokha. Nzeru yomweyi imathandiza pa galaja. Kanyale kakayaka, sindiye kuti sensa yafa. Kaŵirikaŵiri sensa imakhala ikunena zoona, ndipo cholakwa chili kwina. Tsatani njira izi mwa dongosolo lake, kuyambira zosalira ndalama.

Choyamba, funsani kompyuta ya galimotoyo. Magalimoto ambiri a pambuyo pa 1996 ali ndi soketi ya mabowo 16 kunsi kwa chiwongolero, pamene amalumikiza makina oŵerengera zobvuta. Masiku ano pali tizida totsika mtengo totumiza uthengawo pa foni, ngakhale magalimoto ena akale a ku Japan samvana nato. Lembani nambala imene yatuluka musanalole kuti aifufute. P0130 mpaka P0134 zikunena za uthenga wa sensa yoyamba, P0135 ikunena za chotenthetsera chake, P0171 ikuti petulo wachepa, P0172 ikuti wachuluka, ndipo P0420 ikunena za chigubu chija. Ma Toyota akale ali ndi kabokosi kolembedwa DIAGNOSIS pafupi ndi injini. Polumikiza mabowo a TE1 ndi E1 ndi kawaya, nkutembenuza kiyi osaliza injini, kanyale kamaphethira: kaŵiri, kupuma, kenaka kamodzi, ndiye nambala 21, yonena za sensa; 25 ndi petulo wochepa, 26 ndi wochuluka. Ŵerengani bwino zolembedwa pa chitsekero cha kabokosiko, pakuti kulumikiza mabowo olakwika kungaotche zinthu.

Chachiŵiri, yang'anani ndi maso. Injini itazizira, galimoto itaima pa malo osalala ndi yotchingidwa bwino, tsatani waya kuchokera pa sensa mpaka pa pulagi yake. Onani ngati waduka, wapsa kapena wachita dzimbiri. Onaninso fyuzi ya chotenthetsera. Musagone kunsi kwa galimoto yokwezedwa ndi jeke yekha. Anthu afa chifukwa cha zimenezi.

Chachitatu, funafunani pobooka. Ekizozi ikabooka pakati pa injini ndi sensa, imayamwa mpweya wa kunja. Sensa imaona okosijeni wambiri nkunena kuti petulo wachepa, kompyuta nkumaonjeza petulo amene sakufunika. Lizani injini m'maŵa ili yozizira, mumvetsere kaphokoso kothetheka, ndipo muone ngati pali mwaye polumikizira mapaipi. Timapaipi ta rabala ta pamwamba pa injini tikang'ambika, nato timaloŵetsa mpweya wosaŵerengedwa.

Chachinayi, onani mapulagi, mawaya ake ndi sefa ya mpweya. Pulagi imodzi ikamaphonya, okosijeni wa m'silinda imeneyo amatuluka wosapsa, ndipo sensa imanamizidwa. Sefa yodzaza fumbi la m'chilimwe, injekita yodontha, ndi pampu ya petulo yofooka, zonsezi zimasokoneza muyeso.

Chachisanu, funsani za thermostat. Kuno kwathu kuli chizoloŵezi choichotsa poganiza kuti dziko lathu ndi lotentha. Koma ikachotsedwa, injini imachedwa kufika pa kutentha kwake koyenera, makamaka m'miyezi ya June ndi July. Kompyuta imayesa kuti injini ikadali yozizira, imathira petulo wambiri, ndipo siimvera sensa. Mungasinthe masensa atatu, bvuto osatha.

Chachisanu ndi chimodzi, tsopano yesani sensayo. Pafunika mita yoyezera magetsi ya manambala. Injini itatentha bwino, ikani mita pa waya wa uthenga, sensa ili yolumikizidwa, ndipo injini izungulire pafupifupi 2,500 pa mphindi. Manambala ayenera kukwera ndi kutsika msanga pakati pa 0.1 ndi 0.9 volt. Mukazula kapaipi kamodzi ka rabala kuti mpweya uloŵe, atsike. Mukaponda mafuta modzidzimutsa, akwere. Akangoima pa 0.45, kapena akamasuntha mwaulesi, pamenepo sensa ili ndi mlandu. Chotenthetsera chimayezedwa pa ma ohm injini itazima ndi pulagi itazulidwa. Mita ikapanda kuonetsa kanthu, kawaya kaja kapsa. Musayeze ma ohm pa waya wa uthenga. Dziŵaninso kuti mitundu ya mawaya imasiyana: pa masensa a Bosch a mawaya anayi, wakuda ndiye wa uthenga ndipo oyera aŵiri ndi otenthetsa, pamene pa ma Toyota ambiri akuda aŵiri ndiwo otenthetsa. Ma Toyota a pambuyo pake ali ndi sensa ya mtundu wina wotchedwa air-fuel, ndipo ma Land Rover ena a V8 ali ndi ya titania. Imeneyi siiyezedwa mwa njira taifotokozayi. Pitani nayo kwa wodziŵa. Safunsa adadya phula.

POFIKA KUMSIKA

Ngati mboni zonse zabvomerezana kuti sensa yafa, pamenepo tsikirani ku Old Town. M'masitolo a ku Malangalanga, m'mabenchi ozungulira msika, ndi m'magalaja a ku Biwi mumapezeka zipangizo za mitundumitundu. Amalonda ambiri kumeneko ndi anthu oona mtima, ena ndi akulu a mpingo ndi amayi a Chigwirizano, ndipo amadziŵa zipangizo kuposa ophunzira ambiri. Komabe zipangizozi zimachokera kunja, ndipo kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi magawo 44 pa 100 mu November 2023 mitengo yake inakwera kwambiri. Pamene chenicheni chadula, chachinyengo chimapeza malo.

Nyamulani sensa yakale, ndipo mulembe nambala ya chesisi ndi mtundu wa injini. Yerekezani nambala yodindidwa pa sensa, kuchuluka kwa mawaya, maonekedwe a pulagi, ndi kamangidwe kake, pakuti ina imapotokoleredwa monga pulagi pamene ya ma Toyota ena akale imagwidwa ndi manati aŵiri. Maina odziŵika pa ntchitoyi ndi Denso, NTK ndi Bosch, koma dzina la pa bokosi si umboni wokwanira, popeza mabokosi amasindikizidwa paliponse. Zilembo zosaoneka bwino, mawaya opyapyala ndi mtengo wotsika modabwitsa zikuchenjezeni.

Sensa yochotsedwa pa galimoto ina yophwasulidwa ingathe kugwira, koma palibe amene adziŵa makilomita amene yayenda. Ngati kunsonga kwake kuli zoyera ngati choko, kapena ikulira m'kati mukaigwedeza, isiyeni. Gwirizanani ndi wogulitsa, pamaso pa mboni, kuti mudzaibweza ikakanika, ndipo pemphani lisiti. Dziko lathu lili ndi lamulo loteteza ogula la m'chaka cha 2003, koma wopanda lisiti amasoŵa poyambira. Ena amati sensa yakufa imadzuka ikatsukidwa ndi petulo kapena kuotchedwa pamoto. Mwaye wa kunja ungachoke, koma imene yaphedwa ndi mtobvu kapena silikoni siidzuka.

Pomanga, gwiritsani sipanala ya 22 yokwana bwino. Sensa yogwidwa ndi dzimbiri ithiridwe mafuta omasulira ndi kusiyidwa usiku wonse. Imamasuka bwino ekizozi ili yofunda pang'ono. Yambani kumanga yatsopano ndi dzanja kuti iloŵe moongoka. Musapake girisi kapena silikoni kunsonga kwake kapena m'pulagi, pakuti masensa ena amapumira m'mawaya momwemo. Mangirirani waya kutali ndi ekizozi. Ndipo chimene chinapha yakale chikonzedwe, kuopa kuti chingaphenso yatsopano.

NJIRA ZACHIDULE ZIMENE TIYENERA KUKANA

Pali ena amene amati akonza, pamene angozula babu la kanyale kaja kapena kulimata ndi tepi. Ena amachita zimenezi pofuna kugulitsa galimoto. Uku ndi kuchita umboni wonama ndiponso kuba, zimene lamulo lachisanu ndi chitatu ndi lachisanu ndi chinayi amaletsa. Kanyale komweko ndi kamene kadzachenjeze wogulayo za bvuto lina loopsa.

Enanso amalangiza kuti chigubu chija chichotsedwe kuti galimoto ikhale ndi mphamvu. Dziŵani kuti m'kati mwake muli zitsulo za mtengo wapatali, platinum, palladium ndi rhodium, ndipo pali anthu ozigula. Nthaŵi zina chimatsekekadi, makamaka ngati injini yakhala ikutaya petulo wosapsa kwa miyezi yambiri, koma chiyezedwe kaye, ndipo chikachotsedwa chibwezedwe m'manja mwanu. Kumbukirani kuti galimoto yopanda chigubuchi imatulutsa mpweya wochuluka wa carbon monoxide, umene ulibe fungo kapena mtundu, koma umapha monga mbaula yosiyidwa m'chipinda chotseka. Musalize injini m'galaja yotseka. Ana okhala kumbuyo akamadandaula mutu kapena kuodzera pa ulendo, imani, tsekulani mazenera, ndipo ekizozi ionedwe tsiku lomwelo. Utsi umene timasiya pa mlatho wa mtsinje wa Lilongwe pa nthaŵi ya mdipiti wa magalimoto umapumidwa ndi amayi ogulitsa malonda ndi makanda ali kumsana. Iwo ndi anansi athu, ngakhale sitiwadziŵa maina.

MAU KWA MAKOLO NDI ACHINYAMATA

Makolo, galimoto ndi chuma chimene taikizidwa, ndipo ya mpingo inagulidwa ndi zopereka za anthu osauka. Sungani kabuku m'galimoto, ndipo muzilemba makilomita ndi malita nthaŵi zonse pothira petulo. Kabuku kameneka kadzakuuzani za nthenda kanyale kasanayake. Pa galaja musachite manyazi kufunsa kuti, "Kodi mwayeza chiyani, ndipo mwapeza zotani?" Makaniko wabwino sakwiya ndi funso lotere. Ndipo iye akatha ola lathunthu kufufuza, napeza kuti bvuto linali fyuzi chabe, mlipireni mokondwa. Tikamalipira okhawo amene asintha zipangizo, ndife tomwe tikuwaphunzitsa kusintha zosafunika.

Inu amakaniko a mumpingo, ntchito yanu ndi ya ulemu, ndipo miyoyo ya mabanja ili m'manja mwanu. Kunena kuti "ichi sindichidziŵa, pitani kwa uje" sikuchotsa ulemu. Ndadziŵakale adamanga nyumba yopanda khomo.

Anyamata ndi asungwana, magalimoto a masiku ano akufuna munthu wodziŵa kuŵerenga mita, manambala ndi mabuku a opanga, osati mphamvu za manja zokha. Masamu ndi sayansi zimene mukuphunzira kusukulu zili ndi ntchito pa galaja. Sukulu monga Lilongwe Technical College zimaphunzitsa umakaniko, ndipo bungwe la TEVETA, limene linakhazikitsidwa mu 1999, limayang'anira maphunziro otere. Mita yoyezera magetsi siidula ngati foni imene ambiri a inu muli nayo. Pemphani bambo kapena amalume kuti Loŵeruka likudzali mutsekule boneti limodzi, mupeze pamene sensa yamangidwa, muŵerenge mawaya ake, ndipo mulembe nambala yake m'kabuku. Mzinda wathu ukusoŵa amisiri odekha ndi oopa Mulungu, amene mau awo angakhulupirike ngakhale mwini galimoto palibe. Ambuye atithandize tonse kukhala okhulupirika pa zazing'ono zotere.